Mwana wanga akufuna kukhala kondakitala wa okesitira: kodi angadye nazo?

Funso

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Mangochi pa boma, cha kufupi ndi mlatho wa pa Shire. Mwana wanga wamkazi walemba mayeso a Fomu 4 chaka chino. Chiyambire ali Fomu 1 ndiye amaphunzitsa kwaya ya achinyamata kutchalitchi kwathu, ndipo anthu amati ali ndi khutu. Tsopano waona pa foni gulu la anthu ovala zakuda, akuimba mavayolini ndi malipenga, kutsogolo kwawo kuli munthu mmodzi akugwedeza kandodo. Akuti akufuna ntchito ya munthu ameneyo. Amalume ake akuti zimenezo ndi masewera, apite ku unamwino. Kodi wa kandodoyo amachita chiyani kwenikweni, amaphunzira kuti, ndipo munthu angadye nazo?

Yankho

Mayi, zikomo polemba, komanso zikomo kuti simunangomutseka pakamwa mwanayo. Ndiyambira ku funso lanu lomaliza, poti ndikudziwa kuti ndi limene likukusowetsani tulo. Kuno ku Malawi tilibe okesitira yaikulu ngati imene waonayo, yoti oimba ake ndi mtsogoleri wawo azilandira malipiro mwezi ndi mwezi. Palibe ofesi ku Lilongwe kapena ku Blantyre kumene angakasiye kalata yofunsira ukondakitala. Pamenepo amalume ake sakunama, ndipo musawaone ngati adani a mwanayo. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa mawu akuti masewera. Ndaphunzitsa makwaya ndi magulu a malipenga zaka zoposa 30, ndipo pa ntchito zonse za nyimbo sindinaone yolemetsa mutu ngati iyi.

Inu a kunyanja mumamudziwa siginala. Usiku wa usipa iye amakhala m'bwato lake ndi nyali, alovi ali m'maboti ndi chilimira. Khoka sakoka ndi iye. Koma ndiye amaona pamene nsomba zaunjikana, ndiye amadziwa mphindi yoponyera, ndipo akachedwa kapena akapupuluma anthu onse aja amabwerera kumtunda chimanjamanja. Kondakitala ndi munthu wotero. Pa anthu onse amene ali pa nsanja, ndi yekhayo amene satulutsa liwu ngakhale limodzi, koma ndi yekhayonso amene amaiona nyimbo yonse.

Okesitira yaikulu imakhala ndi anthu kuyambira 60 kufika 100. Oposa theka amaimba zoimbira za nsambo zokwecha ndi uta, monga timachitira ndi kaligo: mavayolini, ma viola, ma cello ndi mabesi akuluakulu otalika ngati munthu. Kumbuyo kwawo kuli a zitoliro, flute, oboe, clarinet ndi bassoon, kenako a malipenga amkuwa, ndipo kumapeto kwenikweni a ng'oma. Aliyense ali ndi pepala la gawo lake lokha. Wa lipenga akhoza kukhala chete mphindi zisanu akuwerenga mumtima, kenako n'kulowa ndi liwu limodzi loti lisaphonye. Munayamba mwaonapo munthu akuwaza nkhuni kutsidya kwa Shire? Nkhwangwa imatsika, phokoso n'kukupezani pambuyo. Pa nsanja yaikulu zimachitikanso chimodzimodzi, kungoti pang'ono. Wa ng'oma akadikira kuti amve kaye vayolini ndiye amenye, wachedwa kale. N'chifukwa chake onse amafunika dzanja limodzi loti aziliona.

Komabe kusunga nthawi ndi kachigawo kochepa ka ntchitoyi. Ntchito yeniyeni imagwiridwa patebulo, munthu ali yekha, miyezi ingapo oimba asanakumane. Kondakitala amakhala ndi buku la manotsi a zoimbira zonse, mizere 20 kapena kuposa pa tsamba limodzi, yosanjikizana kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo amayenera kuiwerenga yonse nthawi imodzi n'kumaimva m'mutu popanda woimba aliyense. Zina mwa zoimbirazo sizitulutsa n'komwe liwu limene lalembedwa. Tinene mwa solofa, poti ndi chinenero chimene mwana wanu akuchidziwa: mu kiyi ya C, wa clarinet ya B flat akawerenga d, chimamveka ndi ta wa m'munsi, wa horn ya F akawerenga d yemweyo, chimamveka ndi f wa m'munsi. Kondakitala amatembenuza zonsezi m'mutu uku nyimbo ikuyenda, ndipo pakamveka liwu lolakwika pakati pa anthu 80 aja, ayenera kudziwa kuti lachokera kwa yani.

Ndiye pali zimene pepala silinena. Wopeka nyimbo amalemba allegro, mawu a Chitaliyana otanthauza mwachangu. Mwachangu bwanji? Amalemba forte, mokweza, kwa onse. Koma malipenga anayi akakweza ndi mtima wonse, chitoliro chimene chanyamula nyimbo chimamira. Wina ayenera kugamula kuti apa malipenga atsike, apa tichedweko kuti mawu apume, apa tisaime mpaka tikafike uko. Makwaya athu ambiri amaimba Haleluya wa mu Messiah, nyimbo ya Handel imene inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742. Mwina munaimvapo kawiri, kwaya ina ikuiguba ngati perete wa asilikali, ina ikuikweza pang'onopang'ono mpaka tsitsi kuima. Manotsi ndi omwewo. Chasiyana ndi mutu wa munthu waima kutsogoloyo.

Za manja ndinena mwachidule, chifukwa ndi zimene achinyamata amathamangira kukopera pa foni. Dzanja lamanja limajambula kugunda kwa nyimbo m'malere: kugunda koyamba kumatsika pansi, komaliza kumakwera. Lamanzere limaitana, limakweza, limatontholetsa. Kandodoko n'kongotalikitsa dzanja kuti wa kumbuyo aone. Pierre Boulez, mmodzi wa akatswiri a ku France, sankakagwira n'komwe. Kale ankagwiritsa ntchito chindodo chachitali chogunda pansi, ndipo mu 1687 Jean-Baptiste Lully, mkulu wa zoimba kunyumba ya mfumu ya France, anadzibaya nacho phazi, bala linavunda, n'kumwalira.

Chinsinsi cha manja chili pa kugunda kumene sikumveka, kuja kobwera nyimbo isanayambe. Dzanja likamakwera, oimba amapuma nalo, ndipo m'kukwera komweko amadziwa liwiro, mphamvu ndi mtima wa chimene chikubwera. Sinfoniya yachisanu ya Beethoven, nyimbo yaitali ya okesitira ya mu 1808, imayamba ndi kachete kakafupi, kenako mawu anayi otchuka aja. Kondakitala amamenya pa kachetepo, pamene palibe akuimba, ndipo anthu onse ayenera kudumphira pamodzi. Akatswiri omwe amachita napo mantha. Ine ndinaziphunzira tsiku loyamba kuima pamaso pa gulu la malipenga, nditazolowera makwaya. Ndinatsitsa dzanja mwamphamvu, mawu analowa ali balala. Ndinabwereza katatu, chimodzimodzi. Bambo wina wachikulire wa tuba anandiitanira pambali n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, pumani nafe. Lipenga silirira popanda mpweya." Mpaka lero ndi phunziro loyamba limene ndimapereka kwa aliyense.

Kenako pali anthu. Okesitira yolipidwa imakonzekera konsati pa mapulakatisi atatu kapena anayi okha, iliyonse ya maola awiri ndi theka kapena cha pamenepo. Pamipando pakhala anthu amene aimba nyimbo imeneyo zaka 20, ena anaiimba kondakitalayo asanabadwe. Mphindi zochepa zoyamba amakhala atadziwa kale ngati munthuyu waliwerenga buku kapena akungovina. Pano ndinene chinthu chimene chimandipweteka m'makwaya athu. Akwaya masitala ambiri amaimitsa nyimbo n'kukalipa kuti "bwerezaninso", osanena chalakwika. Anthu amabwereza kakhumi, cholakwa chili pomwepo, mawu atha, mitima yawawa. Wodziwa ntchito amaimitsa kamodzi, n'kunena kuti a tena, pa mzere wachitatu mukutsika pa f, mverani a besi, tiyambire pamenepo. Mawu ochepa, olunjika, opanda kunyoza. Ngati mwana wanu waphunzitsa anzake zaka zinayi ndipo akubwerabe ku pulakatisi mosakakamizidwa, ndiye kuti ali kale ndi chinthu chimene sukulu zambiri zimalephera kuphunzitsa.

Udindo umene pa Chingerezi amati music director, mkulu wa zoimba, ndi wokulirapo kuposa kungotsogolera konsati. Kondakitala mlendo amabwera sabata imodzi n'kupita. Mkulu wa zoimba ndi mwini khomo. Amasankha nyimbo za chaka chonse, kawirikawiri zaka ziwiri zisanafike, amaitana alendo, amakhala nawo pa mayeso olembera oimba atsopano, amene m'magulu ambiri amachitika woimbayo ali kuseri kwa chinsalu kuti oweruza amve luso osaona nkhope. Amakumananso ndi bodi, amapempha ndalama kwa anthu achuma, amapita kusukulu za ana. Simon Rattle anakhala ndi okesitira ya ku Birmingham zaka 18, kuyambira 1980 ali ndi zaka 25, ndipo anaikweza mpaka dziko lonse linaidziwa. Atachoka kumeneko, oimba a Berlin Philharmonic, amene amasankha okha mtsogoleri wawo povota, anamusankha, ndipo anayamba nawo mu 2002.

Nanga amafikako bwanji? Palibe amene amayambira pa kandodo. Onse amayamba ndi choimbira. Rattle anali wa ng'oma. Arturo Toscanini anali wa cello m'gulu la opera, masewero ochita kuimba, limene linapita ku Rio de Janeiro mu 1886. Anthu atakana otsogolera amene analipo, anzake anamukankhira kutsogolo ali ndi zaka 19, ndipo anatsogolera opera yonse ya Aida pamtima. Leonard Bernstein anali wothandizira chabe ku New York Philharmonic pamene Bruno Walter anadwala pa 14 November 1943. Anauzidwa m'mawa, masana n'kuima pa nsanja popanda pulakatisi, wailesi ikuulutsa dziko lonse la America. Anthu amakonda kunena nkhanizi ngati za mwayi. Ine ndimaona kuti tsiku limene khomo linatseguka, anyamatawa anali atalidya kale buku. Njira ya ambiri ndi yotopetsa kuposa apa: digiri ya nyimbo, maphunziro apadera a ukondakitala, zaka zambiri zoimbira anthu a opera piyano pa pulakatisi monga zimakhalira ku Germany, kukhala wothandizira, kuyesa mipikisano ngati wa ku Besançon ku France, umene Seiji Ozawa wa ku Japan anapambana mu 1959, kapena wa ku Bamberg, umene Gustavo Dudamel anapambana mu 2004. Ofuna malo ndi ochuluka, malo ndi ochepa. Owerengeka a pamwamba amalemera kwambiri. Ena onse amadya za uphunzitsi, za makwaya, za magulu a achinyamata ndi za tchalitchi.

Koma anthu amene ndikufuna kuti mwana wanu awadziwe bwino si amenewa. Ndi atatu ena.

Marin Alsop wa ku America anaona Bernstein akutsogolera ali ndi zaka 9, n'kunena kuti akufuna ntchito imeneyo. Anauzidwa kuti atsikana sachita zimenezo. Atakula sukulu inamukana pa maphunziro a ukondakitala, ndiye mu 1984 anasonkhanitsa anzake n'kuyambitsa okesitira yakeyake kuti apeze poti aphunzirire. Mu 2007 anakhala mkulu wa zoimba wa Baltimore Symphony Orchestra, mkazi woyamba kutsogolera okesitira yaikulu ya m'dzikolo.

Armand Diangienda wa ku Kinshasa, mdzukulu wa mneneri wa ku Congo Simon Kimbangu, anali woyendetsa ndege. Ntchito itatha, mu 1994 anayambitsa Orchestre Symphonique Kimbanguiste kutchalitchi kwawo, iye mwini asanaphunzirepo ukondakitala kusukulu iliyonse. Zoimbira zinali zochepa kuposa anthu, moti ankasinthana vayolini. Nsambo ikaduka ankaikapo waya wa buleki ya njinga, ndipo zoimbira zina anasema okha. Oimba ake ndi anthu a ntchito zina, okonza magetsi, ometa tsitsi, ogulitsa pamsika, amene amabwera ku pulakatisi madzulo ataweruka. Gululi linakula mpaka kufika anthu pafupifupi 200 pamodzi ndi kwaya, ndipo linaimba sinfoniya yachisanu ndi chinayi ya Beethoven.

Wachitatu ali pafupi nafe. Ofentse Pitse wa ku South Africa anaphunzira lipenga ku Salvation Army ali mwana, kusukulu anaphunzira zojambula mapulani a nyumba, ndipo gulu lake la Anchored Sound linayamba ngati kwaya ya achinyamata, kenako n'kukula kukhala okesitira.

Onse atatu sanapeze mpando wowadikira. Anayamba ndi anthu amene anali nawo pafupi, awiri a iwo kutchalitchi, ndipo awiri anali ndi ntchito ina m'manja. Kwa mwana wa ku Mangochi, njira yooneka ndi imeneyi. Ndipo asaganize kuti akuyambira pa mchenga. Beni amene amavinidwa kwanuko dzina lake linachokera ku bandi ya asilikali, ndipo mtsogoleri wake wa wenzulo amaimitsa ndi kutembenuza gulu lonse ndi chizindikiro chimodzi. Mangolongondo amaimbidwa ndi anthu awiri oyang'anizana, mawu a wina akulowa m'mipata ya mnzake mwaliwiro loti wophunzira wa ku Ulaya amatuluka nalo thukuta. Mwana wokulira m'zimenezi ali ndi kugunda m'thupi. Ndingamve chisoni atazitaya poganiza kuti nyimbo yeniyeni ndi ya Beethoven yekha. Munthu amene adzalembe nyimbo yoika mangolongondo, bangwe, malipenga ndi kwaya pa tsamba limodzi, n'kuitsogolera bwino, adzakhala ndi chinthu chimene Berlin ilibe.

Tsopano chimene achite. Choyamba, ndipo apa sindinyengerera, aphunzire manotsi a pamizere isanu. Solofa yatilera, yatipatsa makutu abwino, ndipo asaisiye. Koma palibe okesitira imene imawerenga solofa, ndipo bandi ya malipenga imafunanso mizere. Kwaya masitala wodziwa solofa yokha amakhala ngati munthu wa bwato labwino limene silingatuluke mu Malombe. Mabuku a chiphunzitso cha nyimbo a ABRSM, bungwe la ku Britain la mayeso a nyimbo, amayambira giredi 1 kufika 8. Alimbikire kufika giredi 5 m'zaka ziwiri. Pa intaneti pali IMSLP, kumene mabuku a manotsi a nyimbo zakale amapezeka ulere, ndi pulogalamu ya MuseScore yolembera manotsi pa kompyuta, yaulerenso. Atenge nyimbo yaifupi ya zoimbira zinayi, aitsegule pa foni, azitsatira ndi chala mzere wa viola wokha, mawa wa cello. Ndi mmene diso limaphunzirira kumva.

Agwirenso kiyibodi ya kutchalitchi mozama, osati kungodina makodi atatu ndi ng'oma za m'makina, koma kuimba sopulano, aluto, tena ndi besi zonse ndi manja awiri kuchokera papepala. Pambali pake aphunzire choimbira chimodzi cha m'gulu, ndipo chosavuta kuchipeza kuno ndi lipenga. Munthu amene sanakhalepo pampando n'kutsogoleredwa ndi wina sadziwa chimene dzanja loipa limachita kwa woimba.

Za sukulu, University of Malawi ku Zomba imaphunzitsa nyimbo, ndipo kuchokera kwanuko ndi ulendo wa tsiku lomwelo kudzera pa Liwonde. MUST ku Thyolo ili ndi maphunziro a nyimbo za mu Africa. Ku Lilongwe kuli Music Crossroads Academy. Mabandi a Polisi ndi a asilikali ndi malo amene Amalawi akhala akuwerenga manotsi ndi kutsogolera magulu a zoimbira kwa zaka zambiri, pa malipiro a boma, ndipo ubandimasitala ndi ntchito ya kondakitala ndithu, ngakhale yunifolomu ndi ina. Akafuna kudzaima pamaso pa okesitira yathunthu, adzayenera kutuluka. Zapafupi zili ku Durban, ku Johannesburg ndi ku Cape Town, kumene University of Cape Town ili ndi sukulu ya nyimbo yakalekale. Ku Nairobi kulinso okesitira ya anthu odzipereka imene inayamba mu 1947. Sukulu zoterezi zimafuna kumva munthu akuimba choimbira chake ndi kuona kanema wa iye akutsogolera, choncho ayambe lero kujambula mapulakatisi ake, foni itayang'ana iyeyo osati kwaya. Adzadziona yekha pamene akuweramira pansi, pamene akuimba nawo m'malo momvetsera, pamene manja onse awiri akuchita chinthu chimodzi.

Pa nkhani ya unamwino, maganizo anga ndi awa. Ngati mapointi ake amulola kupita ku yunivesite kukaphunzira nyimbo pamodzi ndi uphunzitsi, muloleni. Adzakhala ndi ntchito ya pamwezi, ndipo sukulu ndi malo abwino koposa oyambitsira gulu, poti ana, chipinda ndi nthawi zimakhala pamodzi. Ngati khomo lotseguka ndi la unamwino ndipo iye saudana nawo, apite, koma adziwe kuti mashifiti a usiku amadya mapulakatisi, ndiye adzafunika kuuma mutu kuti kwaya isafe. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musamuuze kuti asankhe pakati pa kudya ndi kuimba ali ndi zaka 18. Mupatseni zaka ziwiri za manotsi ndi kiyibodi. Ambiri amene amakopeka ndi kandodo amagwa pa miyezi itatu yoyamba ya kuwerenga mizere, ndipo akagwa palibe chimene mwataya. Akapirira, n'kumadzuka yekha m'mawa kukakhala pa kiyibodi dzuwa la Mangochi lisanatenthe, mukawauze amalume ake abwere adzaone.

Loweruka likubwerali, pa pulakatisi, muuzeni ayese ichi. Apereke kiyi, kenako asawerenge "wani, thu", asagwedeze mutu, asaimbe nawo. Angowayang'ana onse, akweze dzanja akupuma, n'kulitsitsa. Koyamba adzalowa ali balala, ndipo asakalipe. Abwereze mpaka kupuma kwake ndi kwawo kukhale kumodzi. Inu mukakhale pa benchi ya kumbuyo, mayi, mukamvetsere ngati a besi alowa pamodzi ndi a sopulano, ndipo mudzandilembere zimene mwamva.